Ndinasocheretsa Atsibweni pa Phiri la Mangochi

Kwathu ku Wimbe dziko ndi lathyathyathya. Ukaima pamsika, maso amadutsa pamwamba pa minda ya fodya ndi chimanga, zigafa ndi mabulugama, mpaka kukagunda mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi amene amangooneka mbuu chapatali. Munthu wokulira kuno amayeza mtunda ndi maso. Akaona mtengo wa kachere patali amadziwa kuti akapalasa njinga afikapo thukuta lisanatuluke, ndipo zimaterodi. Nzeru imeneyo ndi ya kuchidikha. Ine ndinapita nayo kuphiri, ndipo amene anavulala nayo ndi atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi.

Abale ambiri amaidziwa nkhaniyi monga anaifotokozera atsibweniwo tsiku lomwe tinafika: akuti anaponda mwala wogwedera, n'kugwa, n'kuthyoka mwendo. Ndinali chiimire pomwepo akunena zimenezo ndipo sindinawonjezepo kanthu. Mwalawo unalipodi. Koma amene anawafikitsa pa mwalawo, kukuda, kunja kwa njira, ndine, ndipo ndakhala nazo pamtima nthawi yaitali.

Ulendowu unayambira kwa agogo, bambo awo a mayi ndi atsibweni. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitchula kuti ya Chiwaya, boma la atsamunda linasesa amuna m'midzi. Ena anawaveka yunifolomu ya King's African Rifles, koma ochuluka, pafupifupi 200,000 m'Nyasaland monse, anali amtengatenga, osenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu kutsatira asilikali kumene ankamenyana ndi Ajeremani. Agogo anayamba ndi mtengatenga, kenako anawalemba usilikali, ndipo perete anakaphunzirira pa linga la miyala limene lili pamwamba pa phiri la Mangochi. Ine sindinawapeze ali moyo. Atsibweni ndiwo anakula akumva za lingalo pamoto madzulo: kuzizira kwake, lipenga la m'bandakucha, ndi anzawo amene anatsogola kunkhondo osabwereranso.

Atabwerera kumudzi, agogo anali m'gulu la amene anaphunzitsa anyamata mganda, gule amene kaponyedwe kake ka phazi kanachokera ku perete ya asilikali. Atsibweni anatengera. Ngakhale atadutsa zaka 70, ng'oma ikalira ankavala kabudula woyera ndi sokosi zazitali n'kutsogolera mzere, ndipo anyamata ankayamba kupuma mwawefuwefu iwo akadali bwinobwino.

Chaka chimenecho fodya wathu wa bale anayenda bwino pa okushoni ya Chinkhoma. Mabelo sanabwezedwe, ndipo ngongole ya feteleza itadulidwa panatsala kangachepe. Mu Julaye, zigafa zili zopanda kanthu, nthawi ya nazale isanakwane, atsibweni anandiitanira pakhonde.

"Mphwanga, ndalama ya chaka chino sindigulira wailesi kapena malata. Ukandionetse pamene anaima bambo. Iwe za mapepala ndi mafoni umazidziwa."

Ndinayankha mosachedwa kuti, "Zimenezo n'zochepa, atsibweni." Ndine mlembi wa kalabu yathu ya alimi. Ndine ndimawerengera anthu maseloshiti, ndipo ndinazolowera kufunsidwa, osati kufunsa. Komanso ndinkafunitsitsa kuti ulendowu utheke. Ife a ku Wimbe timalandira alendo ochokera kutali odzaona makina amphepo amene William Kamkwamba anamanga ku Masitala mu 2002, koma eni akefe timangoyenda pamaliro, paukwati, kuchipatala ndi ku okushoni. Zoti mlimi wa fodya angatulutse ndalama yake kukaona phiri ndi mpanda wakale anthu ankati n'kusowa chochita. Ine ndinkati ndiwaonetse kuti dziko lino n'lathunso, tingathe kuliyendera.

Kukonzekera kwanga konse kunathera pafoni. Ndinatsegula mapu, ndinaona msewu wochoka ku Mangochi kupita ku Namwera ndi ku Chiponde, ndinaona kadontho ka Fort Mangochi chapambali pake, danga losakwana chikhadabo. Ndinati m'mawa tikwera, masana tatsika. Sindinafunse ndi mmodzi yemwe amene anafikako. Izi zinachitika bungwe la African Parks lisanayambe kuthandizana ndi boma kuyang'anira nkhalango ya Mangochi mu 2018, koma ngakhale nthawi imeneyo a zankhalango analipo, mafumu analipo, ndipo sindinaganize zodziwitsa aliyense kuti tikulowa m'phiri.

Tinanyamuka pa pikapu ya mlamu wanga, imene ntchito yake n'kututa mabelo: mlamuyo, atsibweni, ine ndi mwana wanga wamwamuna amene anali Fomu 2. Tinadzera ku Lilongwe ndi ku Dedza n'kukhotera msewu wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti. Chenjezo loyamba linabwera pamenepo. Mlamu wanga ndi dalaivala wabwino wa misewu ya ku Kasungu, koma anatsika makhota onse aja phazi lili pa buleki, mpaka fungo la chinthu chopsa linadzaza m'galimoto ndipo kumatayala akutsogolo kunayamba kufuka utsi. Tinaima pambali, phompho lili pafupi. Dalaivala wa lole amene anatipeza anatiuza kuti phiri amatsika ndi giya yaing'ono, ndiponso kuti tisathire madzi pa chitsulo chotentha. Tinakhala pamiyala kudikira kuti chizizire. Atsibweni anayang'ana nyanja ikunyezimira kumunsi n'kunena kuti, "Kuno n'kwa eni ake, mphwanga. Tizifunsa." Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Tinagona pa Boma la Mangochi, pamene kale pankatchedwa Fort Johnston potengera dzina la Harry Johnston, woyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Angerezi. Kutacha ndinawatenga kukaona nsanja ya wotchi yomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pafupi pake pali mfuti yaikulu ya Guendolen, sitima imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili padoko kutsidya kwa nyanja, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Atsibweni anavula chipewa pamenepo. Anali atavala jekete, tayi ndi nsapato za kutchalitchi, chifukwa ankati akukaonekera kwa bambo awo. Nsapatozo ndinaziona, zosalala kunsi, koma sindinanene kanthu poti nanenso ndinavala zotero.

Ndiye nsomba. Munthu wa ku Kasungu sangafike kunyanja n'kubwerera chimanjamanja, ndipo amayi a kunyumba anali atatituma usipa ndi utaka. M'mawa wonse unathera pa kunenerera mitengo. Pamene tinkaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba makhota a ku Chowe, nyanja ya Malombe ikuonekera kumunsi, dzuwa linali litafika paliwombo.

Cha ku Majuni tinasiya tala n'kulowa kamsewu kafumbi mpaka pamene galimoto sikanathanso kupitirira. Panali mudzi, kamzikiti, ndi azibambo atakhala pansi pa mtengo wa mango. Mwambo ndimaudziwa: mlendo amayamba wapereka moni, kukhala pansi, kufunsa kwa amfumu. Ine ndinatsika foni ili m'manja n'kufunsa chiimire kuti njira ya kulinga ndi iti. Mkulu wina wa kofia yoyera anandiyang'ana, n'kuyang'ana atsibweni, n'kuyang'ana dzuwa.

"Achimwene, ndi ambuje awa simungakwere lero. Gonani konkuno, mulawire m'mawa, mwana uyu akuperekezeni."

Mwana amene ankanenayo anali mnyamata wa zaka za m'ma 20, wovala nsapato za matayala. Anatchula mtengo wake, ndalama yosakwana kugula nkhuku. Mumtima ndinawerengera za nsomba, mafuta a galimoto ndi malo ogona, ndipo ndinaganiza kuti akufuna kutidyera poti aona kuti ndife alendo. Ndinalankhula mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinati, "Phiri likuoneka ili, mpaka kulipira munthu? Ife si azungu."

Mnyamatayo sanabweze mawu. Anangoloza ndi dzanja n'kunena kuti tikafika pa mphambano ya pamwala waukulu tisatsate njira yopondedwa kwambiri. Ndinamva theka, ndili kale m'njira. Atsibweni anatsalira pang'ono kupepesa ndi kutsazika, kenako ananditsatira, poti ulendo wonse anali ataupereka m'manja mwanga. Mlamu anatsala kulondera galimoto ndi nsomba.

Phiri la Mangochi limapitirira mamita 1,700 kutalika, ndipo ukaliona uli pansi limaoneka chinthu chimodzi. Lili ngati belo la fodya: kunja chiguduli chosalala, za m'kati umazidziwa likamasulidwa. Titangolowa m'misuku ndi m'miombo, nsonga imene ndinkaidalira inabisika. Tinkakwera kamtunda n'kupeza kuseri kwake kuli chigwembe, kuseri kwa chigwembe kamtunda kena. Tinjira tinali tambirimbiri, ta otola nkhuni, ofula njuchi, otcha misampha. Pamwala waukulu paja ndinasankha njira yotakata, yopondedwa bwino, chifukwa kwathu njira yopondedwa ndiyo imafika pamudzi. Foni inataya netiweki, kenako inalandira uthenga wondilandira ku Mozambique, kenako inazima. Madzi tinali titatenga botolo limodzi anthu atatu.

Njirayo inakathera pa zitsa za mitengo yodulidwa. M'malo mobwerera, ndinati tidule tchire kulunjika kumtunda. Mwana wanga ndiye anatsogola, ndipo anakalowa m'chitedze. Nyemba zake zinali zitakhwima, zofiirira, zaubweya, zikulendewera pa chitsamba chouma. Anazigunda ndi phewa, ubweya uja n'kumuthira m'khosi ndi m'malaya. Anakuwa, anavula malaya, anadzikanda mpaka khungu kuchita mizere ya magazi. Ine ndinatsegula botolo kuti ndimuthire madzi otsala aja. Atsibweni anandigwira dzanja, natapa dothi louma n'kumamupaka pang'onopang'ono pamsana ndi m'khosi, akumulankhula mofatsa. Mwanayo anandiyang'ana misozi ili m'maso.

"Ababa, njira mukuidziwa?"

Ndinati ndikuidziwa.

Dzuwa la Julaye silichedwa. Chakumadzulo mwera unayamba kuwomba, ndipo chifunga chinatsika m'mitengo mpaka sitinkaonanso kumene tachokera. Atsibweni anali atatopa. Ndinkamva kupuma kwawo kumbuyo kwanga. Anandiuza kuti tikhale pansi tidikire kucha. Ine ndinati tingopitirira pang'ono, linga lili pafupi. Tinkadutsa m'mbali mwa khwawa louma, masamba a misuku ali mbwee pansi, pamene ndinamva nsapato ikuterereka, mwala ukugubuduka, kenako thyo! Ndinawapeza atagona chammbali m'munsi mwa khwawa, phazi lakumanja litapotokera kunja. Sanalire. Anangoti, "Wathyoka, mphwanga. Usaugwedeze."

Usiku umenewo amene anatisunga ndi wovulalayo. Ine mutu unali utaima. Ndinkafuna kuthamanga kukaitana anthu, osadziwa n'komwe kolowera. Atsibweni anandiletsa: "Ukachoka tikhala osochera magulu awiri." M'thumba la jekete anali ndi machesi oyatsira chingambwe chawo. Anatiuza kuti tiyambe tapalira masamba ndi udzu wonse mozungulira mpaka dothi lioneke, kuopa kuyatsa phiri la eni ake, kenako tikoleze moto pamwala poonekera. Potola nkhuni mwana wanga anapeza ndowe za njovu, zouma koma osati zakalekale. Anandionetsa ndi chala. Sitinawauze atsibweni, tinangowonjezera nkhuni.

Kuzizira kwa kumeneko si kwa kwathu kuno, kumalowa m'mafupa. Ndinawafunditsa malaya anga. Mwana anagona atatsamira ntchafu yawo yabwino ija, ndipo iwo ankang'ung'udza nyimbo za mganda mano akugundana, kuti mwanayo asamve kubuula. Mwendo unatupa mpaka ndinachita kung'amba sokosi ndi mano. Nthawi ina anayamba kunjenjemera thupi lonse, ndipo ndinaganiza kuti ndikapereka maliro kwa mayi anga, ndikanena kuti chinachitika n'chiyani. Pakati pa usiku ndinati, "Atsibweni, ndakulakwirani." Anayankha kuti, "Sonkhezera moto."

Kumudzi kuja mlamu ataona kuti kwada anapita kwa mkulu wa kofia uja, ndipo mkuluyo sanadikire kuchondereredwa. Anyamata ananyamuka ndi matochi, zikwanje ndi matumba, wotsogolera ali yemwe uja ndinamunyoza. Atafika pamwala waukulu anadziwiratu kumene talowera, ndipo chifunga chitapungula anaona moto wathu. Anatipeza kusanache. Ndinkayembekeza mawu, ndipo ndinali wokonzeka kuwalandira, koma mnyamatayo anangogwada pafupi ndi atsibweni n'kunena kuti, "Pepani ambuje, tachedwa." Anatipatsa madzi ndi chinangwa chophika. Anasenda luzi la mombo, anadula timitengo towongoka n'kumanga mwendo uja, kenako anapisa mitengo iwiri m'matumba n'kupanga machila.

Kutayera anatiuza kuti linga lili kuseri kwa mtunda umene tinagonawo, ndipo njira yabwino yotsitsira munthu wa pamachila inali yodzera komweko. Atsibweni anayang'ana machila aja n'kukhala kaye chete.

"Bambo anga ananyamulapo azungu pamachila m'dziko lomwe lino. Sindinkafuna kuti mwana wa munthu adzandinyamule ine."

"Ife palibe watikakamiza, ambuje," anatero mnyamatayo.

Anawakweza. Ndinapempha kuti ndigwire nawo mtengo umodzi. Phewa linasupuka tisanafike patali, koma sindinausiye. Titafika pamwamba pa mtunda chifunga chinang'ambika, ndipo kum'mawa kunaoneka dziko lonse la Namwera, minda, midzi ikufuka utsi wa m'mawa, ndi mapiri ena osongoka kulowera ku Mozambique. Atsibweni anapempha kuti awaimitse pang'ono. Munthu wothyoka mwendo, wosagona usiku wonse, anati, "Dziko ili n'lokongola, anthu inu."

Lingalo limatulukira mwadzidzidzi pamalo afulati pakati pa nsonga za phiri. Mpanda wake ndi wa miyala yosanjikiza, wokhuthala, m'malo ena wotalika kuposa munthu, m'malo ena wogumuka pamene mizu ya mitengo yalowa. M'kati muli mabwinja a nyumba zopanda madenga, udzu ndi mitengo zikumera momwe munali zipinda. Anawatsitsa atsibweni pafupi ndi khoma. Anatambasula dzanja n'kugwira mwala umodzi wa ndere zotuwa, waukulu woti munthu mmodzi sangaunyamule, n'kuusisita nthawi yaitali. Kenako anakonza tayi, anavula chipewa, anatchula dzina la bambo awo ndi chiwongo chawo, n'kuwauza kuti afika, ndipo abwera ndi mdzukulu ndi chidzukulu.

Anyamata aja malowa sankawatchula ndi dzina la mzungu aliyense. Ankati ndi kwa Che Jalasi. Mfumu ya Chiyao imeneyi inali ndi mudzi wake waukulu paphiri lomweli, ndipo mu 1892 inabweza asilikali a Angerezi n'kuwalanda mzinga. Kumapeto kwa 1895 asilikali a Angereziwo anabweranso ochuluka, pamodzi ndi asilikali a Chisikh ochokera ku India, motsogozedwa ndi Major Edwards, ndipo Jalasi anathawira kudera la Apwitikizi. Linga linamangidwa pamalo pake. Pakati pa 1907 ndi 1910 linali ndende, ndipo nkhondo ya Chiwaya itabuka linasanduka pophunzitsira asilikali monga agogo. Pa mbiri imeneyi palibe woyera. Jalasi ankagwira ndi kugulitsa anthu. Amene anamugonjetsa anathetsa ukapolowo, n'kubweretsa msonkho wa nyumba, thangata ndi mtengatenga. Miyala ya khomalo inasenzedwa ndi anthu akuda amene mayina awo sitiwamva. Chifukwa cha iwowo, ine ndimaona kuti khoma limeneli siliyenera kungosiyidwa kuti mizu ilimalize, ndipo ana a sukulu a m'dziko muno ayenera kumafikapo.

Koma azifikapo motsogozedwa ndi anthu a m'midzi ya patsinde, ndipo anthuwo azilipidwa bwino. Ku Mulanje, kumene kuli Sapitwa wa mamita 3,002 ndi mabwinja a Fort Lister ya 1893 pampata wa pakati pa Mulanje ndi Mchese, okwera phiri amatenga operekeza ndi onyamula katundu pa Likhubula, ndipo ntchitoyo imadyetsa mabanja. Ine ndinkaganiza kuti zimenezo n'za alendo a kunja, kuti Mmalawi kulipira Mmalawi mnzake kuti amuonetse njira n'kuberedwa. Pamenepo ndi pamene panali kulakwa kwanga kwenikweni. Mnyamata uja njira anaiphunzira ndi mapazi ake kuyambira ali mwana, monga ine ndinaphunzirira kusankha fodya, ndipo sindingakondwe munthu atandiuza kuti ntchito yangayo si yoti n'kulipira.

Kutsika kunatenga m'mawa wonse. Pansi mkulu uja anali atakonzeratu matiresi oyala m'pikapu. Ndinagwada pamaso pake n'kupepesa pagulu, poti kunyozako kunalinso pagulu. Anati zatha, tithamangire kuchipatala. Ndinatulutsa ndalama zonse zimene ndinatsala nazo kuti ndipatse anyamata. Wotsogolera uja anatengapo mtengo womwe anatchula dzulo lake, zinazo n'kundibwezera kuti zikathandize ambuje. Anzake anavomera kugawana usipa. Kuchipatala anajambula mwendo n'kupeza kuti mafupa onse awiri athyokera pamwamba pa kakolo. Anauika chikhakha, ndipo dokotala ananena mosabisa kuti pa msinkhu wawo fupa limachedwa kulumikizana. Ndalama ya feteleza wa chaka chotsatira, yanga ndi yawo, inathera pamenepo.

Pobwerera tinadzera pa Boma la Kasungu kukagula mankhwala. Atsibweni ali gone kumbuyo kwa pikapu analoza phiri la Kasungu n'kundifunsa ngati ndinalikwerapo. Ndinati ayi. Anandikumbutsa kuti patsinde pa phiri limenelo Mwase Kasungu anali ndi linga lake limene linalimbana ndi Angoni, ndipo kuti azungu atabwera kudzaligwetsa Mwase anadzipha yekha posafuna kugwidwa. Zaka ndi mayina ndinaziwerenga pambuyo pake. Zinachitika mu Disembala 1895, milungu yochepa Jalasi atagonja, asilikaliwo atachokera ku Nkhotakota. Linga limene Angerezi anamanga ku Kasungu analitcha Fort Alston, dzina la Edward Alston, msilikali yemwe anakhalaponso pa Fort Mangochi. Zaka zonsezi ndinkadutsa pamenepo ndi mabelo popita ku Chinkhoma. Ndikanayamba ndakwera phiri la kwathu lomweli, ndikanadziwa chimene mtunda umachita ndi mawondo a munthu wamkulu, ndi nsapato zosalala.

Tikuyandikira kumudzi anandiitana kuti ndiwerame. "Za njira zija usakanene. Ndikanena ndine." Ankateteza dzina langa ku kalabu ndi mtima wa mlongo wawo. Ine ndinavomera chifukwa zinandikomera. Chikhakha chinachoka, koma mwendo unatsala wopindika pang'ono, ndipo mpaka pano amayendera ndodo. Mganda wa chaka chimenecho anaumvera pakhonde. Anyamata ankati akachira adzabwerera pamzere, koma sanabwerere. Mwana wanga nayenso anasunga chinsinsi, ndipo chimenechi n'chimene chinkandisowetsa tulo, kuti anandiona ndikunama paphiri, n'kudzandionanso ndikunama pakhomo. Kuyambira pamenepo ndikamuuza chinthu amayamba wandiyang'ana kaye.

Nditalephera kupirira, ndinayamba ndi kuwauza mayi zoona zake. Ndinawapeza pamphasa akusenda mtedza, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto manja osaleka ntchito. Anati, "Kwa ine wabwera bwino. Koma amene amatenthetsa madzi othowera mwendo uja usiku si ine."

Ndinapita kwa azakhali, akazi awo a atsibweni, mwana wanga ali pambuyo panga chifukwa ndinafuna kuti amve. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, za foni, za mkulu wa kofia, za mawu amene ndinamuuza mnyamata uja, za kukana kukhala pansi atsibweni atandipempha. Azakhali anandilola kumaliza.

"Ndinadziwa tsiku lomwe munafika," anatero. "Munthu amene ndakhala naye zaka zonsezi saponda mwala wogwedera masana. Ndimadikira kuti ubwere ndi pakamwa pako."

Sanandikalipire, koma sananenenso kuti zatha. Anandipatsa ntchito. Nazale ya atsibweni wothirira ndine, m'mawa ndi madzulo. Mizere ya m'munda mwawo ndi yanga ndi mwana wanga, tisanayambe ya kwathu. Kusoka fodya amasoka okha atakhala pansi, koma kupachika m'chigafa ndi kudinda mabelo ndi ine. Ndipo anandiuza kuti munthu asamamvere ng'oma pakhonde njinga ndili nayo.

Atsibweni ndinawapempha chilolezo chouza abale otsala ndi kulemba nkhaniyi. Anati ndilembe, koma ndisaiwale kutchula kuti anyamata a patsinde pa phiri aja anawanyamula bwino, sanawagunditse mwendo ndi pamodzi pomwe. Mganda ukakhalapo ndimawakweza pakaliyala, ndodo ili chopingasa pamiyendo, n'kupalasa mpaka kubwalo. Amakhala pampando pafupi ndi oimba ng'oma, ndipo mnyamata akaphonya phazi amamuloza ndi ndodo n'kukuwa kuti mzere wonse ubwereze.